Mlonda wa Chipinda Chouma

Mvula ya ku Freetown ikakhwima mu Julaye, yogwa kumwambayo siivuta kwenikweni, chifukwa munthu umathawira m'nyumba. Yovuta ndi ija yosaoneka, imene imalowa nawe limodzi. Mchere umasungunuka m'botolo, chovala chochapa lero chimafika mkuja chikadali chonyowa, ndipo nsapato ukaiiwala kunsi kwa bedi umakaipeza itamera nkhungu yobiriwira ngati msipu.

Yeabu Sesay ankadyera kulimbana ndi chinyezi chimenechi. Ankagwira ntchito pa kafakitale kopanga makope a ana a sukulu ku Wellington, dera lina la mumzindamo, ndipo tsoka la ntchito ya makope ndi lakuti imachuluka pamene mvula yafika pachimake, poti sukulu zimatsegulira mu Sepitembala. Pepala likamwa chinyezi limapindika, makina odulira amalitafuna m'malo molidula, inki ya mizere imafalikira, ndipo timawaya tomangira pakati timachita dzimbiri kope lisanafike n'komwe m'manja mwa mwana. Choncho mapepala onse ankasungidwa m'chipinda chimodzi chachikulu chopanda mawindo, chimene aliyense ankangochitcha chipinda chouma. M'menemo munali makina awiri oyamwa chinyezi, otalika kufika m'chiuno, amene ankalira tsiku lonse uku madzi akudonthera m'zidebe. Woyang'anira chipindacho anali Yeabu. Ankataya zidebe zisanasefukire, ankaonetsetsa kuti mitolo yakhala pa matabwa osati pa simenti, kuti siinatsamire khoma, ndiponso kuti mtolo wotsegulidwa wakulungidwanso m'pulasitiki. Komanso ankakalipa. Chitseko chikangosiyidwa pululu kwa kanthawi, kasingano ka chipangizo choyezera chinyezi pakhomapo kankakwera, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita pachabe.

Kunyumba kwake kunalibe makina. Ankakhala ndi amuna ake, a Santigie, m'nyumba ya malata okhaokha, makoma ndi denga lomwe, pamwamba pa phiri kuseri kwa Calaba Town. Bamboyu anayendetsa minibasi kwa zaka zambiri, ndipo anali ndi pakamwa pa dalaivala: wonyogodola, woseketsa, wosagonja pa mkangano. Zaka zingapo m'mbuyomo anadwala chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala onse mpaka achipatala ananena kuti matenda atha, koma mapapo anatsala ndi zipsera, ndipo chiwongolero anachisiya. M'chilimwe ankakhala ngati wina aliyense, kutsika mpaka ku mzikiti, kukangana za mpira ndi anzawo pomwera tiyi. Koma mvula ikayamba, nkhungu n'kuda m'makona a nyumba, chifuwa chinkatseka. Ankapuma ngati munthu amene akucheka thabwa lonyowa ndi sowo yobuntha. Mvula ikatha ankati, "Ndaoloka," ndipo chaka chilichonse ankaoloka movutikira kuposa chapitacho.

Chaka chimenecho, tsiku lina m'mawa, Yeabu anawatengera ku kachipatala ka m'deralo atalephera ngakhale kumeza phala. Anawapopera mankhwala, n'kuwapatsa ena okamwera kunyumba. Namwino anawauza zimene ankazidziwa kale, zoti azikhala pamalo pouma, popanda nkhungu.

"Pouma?" anatero a Santigie. "Mwanawe, tangondiuza kumene ndingakwerere basi yake."

Potuluka anapeza kumwamba kwang'ambika. Njira yokwera kwawo inali itasanduka mtsinje wofiira wogubuduza miyala, ndipo woyendetsa keke, kanjinga kamoto ka matayala atatu, anati kumeneko sakwerako ngakhale amuchonderere bwanji. Yeabu anali atachedwa kale kuntchito, mtima uli pa zidebe zake, ndipo analibe kwina kowasiya.

"Tiyeni ku fakitale, mukadikire kumeneko mpaka ikate."

Anawakhazika pa mpando wa pulasitiki kuseri kwa mitolo, n'kuyamba ntchito. Anataya zidebe, anatulutsira amuna a ku makina mapepala, anakalipira wina amene analowa ndi nsapato zamatope. Patapita nthawi anangoima pakati pa chipinda, akumva kuti china chake chasowa. Makina ankalira bwinobwino. Chimene chinasowa ndi phokoso lija la sowo, limene khutu lake linali litazolowera masabata onsewa. Anathamangira kuseri kwa mitolo mtima uli m'mwamba. A Santigie anali m'tulo, mutu utatsamira mapepala, kukamwa kuli yasa, chifuwa chikukwera ndi kutsika mwakachetechete ngati cha khanda. Yeabu anakhala pansi pa simenti pomwepo n'kumangowayang'ana, mpaka miyendo inachita dzanzi.

Umu ndi mmene anawapezera Mayi Modupeh, eni fakitale, mayi wachikulire wa magalasi amene anasiyiridwa ntchitoyo ndi malemu bambo awo.

"Yeabu, mtolo wa ndevuwu ndinaitanitsa liti?"

Yeabu anadzambatuka n'kuyamba kufotokoza mopupuluma, za chipatala, za njira, za chifuwa. Mayi Modupeh anamvetsera akuyang'ana munthu wogonayo.

"Amasuta?"

"Ayi, mayi."

"Chifuwa chija chinatheratu?"

"Chinatha kalekale. Chatsala ndi zipsera."

"Ndiye azibwera, mvula ikadzatha tidzaona. Bola asamadyere muno, nyenyeswa zimaitana mphemvu."

A Santigie anali atatsegula diso limodzi. "Mayi, ine pa malo a eni sindikhala ulele. Ndipatseni ntchito."

"Mumatha chiyani, bambo?"

"Kukalipira anthu. Moyo wanga wonse ndinkachita zomwezo pamsewu."

Mayi Modupeh anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ndiye mwafika. Chitseko ndi icho."

Kuyambira tsiku limenelo chipinda chouma chinakhala ndi mlonda. M'mawa uliwonse awiriwo ankatsika phiri pang'onopang'ono, Yeabu atagwira ambulera, a Santigie akupumira pa mwala uwu ndi pa chitsa icho. Akafika, a Santigie ankakhala pa mpando wawo m'mbali mwa chitseko, ndipo pofika nthawi ya tiyi chifuwa chinkakhala chitamasuka, mawu atabwerera. Woyamba kulawa mawuwo anali Foday, woyendetsa makina odulira, munthu wamtali, wamatako, wokonda phwete.

"Foday! Unabadwira m'bwalo la mpira kodi? Tseka!"

"Madala, manja onse ali ndi katundu. Nditseke ndi chiyani?"

"Ndi chimene Mulungu anakuunjikira kumbuyoko. Ukuganiza anakupatsa cha ntchito yanji?"

Fakitale yonse inamva, ndipo kuyambira pamenepo Foday ankatseka chitseko ndi thako, akuvina. Sallay, mayi wachitsikana wa pa makina omangira mawaya, ankawabweretsera mtedza wa kola atakulunga m'tsamba, n'kumawafunsa nkhani za pamsewu: za apolisi, za mbuzi imene inakwera minibasi yokha, za mayi amene anabereka pa mpando wakumbuyo. Nkhani zinazo zinali zabodza ndipo onse ankadziwa. Kasingano ka pakhoma kanasiya kudumphadumpha. Yeabu anapeza kuti tsiku latha osakalipira munthu, ndipo zinkamudabwitsa.

Masana onse ankadyera pakhonde la fakitale, mvula ikuwomba malata pamwamba pawo, manja ambiri m'beseni limodzi la mpunga ndi chigwada cha mafuta ofiira. Tsiku lina ena atabwerera ku makina, a Santigie anatsala akutsuka m'manja ndi madzi a m'denga.

"Yeabu, ukudziwa kuti chikwatiranireni sitinakhalepo limodzi masana?"

Yeabu anafuna kutsutsa, koma zinali zoona. Zaka za minibasi a Santigie ankachoka kusanache n'kubwera ana atagona. Atasiya minibasi, Yeabu ndiye ankachoka m'mawa.

"Ndiye mwaona chiyani masanawa?"

"Ndaona kuti uli ndi imvi."

"Zimenezo ndi zanu, munandipatsa ndinu."

"Ndaonanso kuti ukamanyamula chidebe umaimba. Kunyumba suimba."

Yeabu anadzuka. Anatola beseni n'kupita nalo ku mpope, nkhope ikutentha ngati ya namwali. Masabata amenewo masaya a amuna ake anayamba kubwerera. Madzulo akakwera phiri chifuwa chinkatsekanso, komabe ankakhala ndi mphamvu zoti n'kufika nazo m'mawa. Yeabu anayamba kulankhula za chilimwe, zokaona mdzukulu amene anabadwa ku Makeni kwa mwana wawo wamkazi.

Kumayambiriro kwa Ogasiti Sallay anajomba masiku angapo. Atabwera, maso anali otupa. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mabinty, amene anali asanayambe n'komwe sukulu, anamupeza ndi chifuwa chachikulu.

Palibe amene anawaloza chala a Santigie poyera. Koma anthu amene anaika abale awo m'nthawi ya mliri wa Ebola safuna kuphunzitsidwa mantha. Masana manja anachepa m'beseni. Wina anati wadya kale, wina anati m'mimba simuli bwino. Amuna a ku makina akamalowa m'chipinda chouma ankakokera malaya kumphuno, kunyamula mtolo, n'kutuluka mothamanga. A Santigie akaponya nthabwala inkagwera pansi popanda woitola. Mtedza wa kola uja sunabwerenso.

Sallay anamupeza Yeabu ku ngalande kuseri kwa fakitale, akukhuthula chidebe.

"Achemwali, ndikufunseni. Mwana wanga matendawa wawatenga kuti?"

"Ndingadziwe bwanji, Sallay?"

"M'nyumba mwanga mulibe wotsokomola. Ine ndimalowa m'chipinda chija tsiku ndi tsiku, mopanda zenera, mpweya wake womwewo, madzulo n'kukagona ndi mwana mkeka umodzi."

"Bambo anachira kalekale. Iweyo akuyeza?"

"Andiyeza, ndilibe."

"Ndiye wamupatsira bwanji chinthu chimene ulibe?"

"Kaya pa zovala, kaya m'tsitsi, ine ndidziwa bwanji? Inu ndinu dokotala?" Mawu a Sallay anakwera mpaka amuna awiri anasuzumira pakhomo. "Inu anu munalera, anakula, akubereka awo. Wanga ndi yemweyo. Mukanamuona mmene nthiti zatulukira simukanandiyankha chonchi!"

Yeabu anamva dzanja lake likufuna kunyamuka lokha. Koma anaona kuti mtsikanayo wauma milomo ngati munthu amene sanadye masiku angapo. Anatola chidebe chake n'kulowa.

Yeabu sanawauze kanthu amuna ake. Madzulo akukwera phiri, a Santigie anakhala pa mwala wawo wa masiku onse, n'kudikira kuti mpweya ubwerere.

"Mawa sinditsika."

"Wakuuzani ndani?"

"Dalaivala amaona zakumbuyo osatembenuka. Lero Foday watseka chitseko ndi dzanja, ndisanamuuze n'komwe."

"Ndi bodza lenileni limene akunenali. Mayi Modupeh sanakuthamangitseni. Mukhala pomwepo, amene sakufuna asalowe."

"Akapanda kulowa, makope apanga ndani? Iwe ndi ine?" Anatsokomola, n'kupukuta pakamwa. "Mwana akadwala, mayi ake amafuna pogwira. Ukanakhala iwe ukanandiotcha pamodzi ndi mpando womwe. Ndikayezetsa. Akaona kuti ndilibe, ndibwerera pa ntchito yanga, ndipo Foday adzandidziwa."

Anakaperekadi makhololo ku chipatala, n'kuuzidwa kuti adikire, poti zoyezazo zimatumizidwa kwina. Sabata yomweyo unayamba mvumbi uja wa mu Ogasiti, wosakata usana ndi usiku, pamene dzuwa anthu amaliiwala maonekedwe ake.

Yeabu anayesa zonse zimene ankadziwa. Anakokera bedi pakati pa chipinda kuti lisakhudze malata, n'kulikweza pa njerwa. Anaika makala osayatsa m'mabeseni kunsi kwake, ndi njereza m'zitini m'makona, kuti zimwe chinyezi. Anabweretsa mapulasitiki otsala ku fakitale n'kuyala pansi. Anakwecha nkhungu ndi mankhwala ochapira, koma fungo lake linawatsamwitsa a Santigie mpaka maso anatuzuka, ndipo Yeabu anataya nsanzayo panja n'kukhala pakhomo akulira mosatulutsa mawu. M'mawa mwake nkhungu inali itabwerera pamalo pomwepo. Makala ankalemera ndi madzi. Bulangete linkanunkha ngati galu wonyowa.

M'mawa uliwonse ankawasiya akucheka thabwa lawo lija, n'kutsika yekha. Akatsegula chipinda chouma, mpweya wopepuka unkamulandira kumaso, ndipo mapepala anali phee pa matabwa awo, oyera, osalala, opanda banga. Mpando unali pomwepo. Palibe amene anafuna kuukhudza. Tsiku lina anangozindikira akumenya mtolo wa mapepala ndi chibakera, kamodzi, kawiri, mpaka zala zinachita magazi. Kenako anaupukuta mtolowo, n'kukataya zidebe.

Lamlungu masana anamva munthu akupumira m'mwamba panja. Anali Foday, atasenza pamutu makina akale oyamwa chinyezi amene ankangokhala ku ofesi, atawakuta ndi pulasitiki. Mayi Modupeh ndi amene anamutuma, koma phirilo analikwera yekha, kugwa ndi kudzuka. Anatula katunduyo pakhomo n'kuima panja, akuyang'ana zala za kumapazi.

"Lowa, iwe, sindiluma," anatero a Santigie ali pabedi. "Ndipo utseke."

Foday analowa, n'kutseka ndi thako. Madalawo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, Foday n'kuwagwirira msana, misozi ikutsikira m'ndevu zake.

Magetsi kumtunda kumeneko ankabwera akafuna. Akabwera, makina ankalira, chidebe n'kudzaza msangamsanga. Yeabu ankataya, chinkadzazanso. Koma mpweya m'nyumbamo sunasinthe, chifukwa nyumba ya malata ili ndi mipata paliponse, ndipo chimene makina ankayamwa chinkalowanso pansi pa denga, m'mbali mwa chitseko, m'mabowo a misomali. Anatseka mipatayo ndi zidutswa za mapepala, mapepalawo n'kunyowa, n'kugwa ngati phala.

"Yeabu, zimitsa, upume. Ukufuna kuumitsa Freetown yense ndi kachidebe kamodzi?"

"Khalani chete, musunge mpweya."

"Ndiusungire ndani? Mvula ikakuona litsiro sikata, mkazi wanga."

Patapita masiku ochepa nthaka inagumuka kumunsi n'kugwetsa mapolo a magetsi, magetsi n'kuthera pomwepo. Makinawo anasanduka poyanika thaulo.

Zotsatira zitabwera, zinali zimene ankadziwa kale: a Santigie analibe chifuwa chachikulu. Mayi Modupeh anaimitsa makina onse n'kuuza aliyense pamaso za zotsatirazo. Sabata yomweyonso azaumoyo amene ankafufuza kwawo kwa Sallay anapeza kuti nkhalamba ina ya nyumba yoyandikana, imene inkatsala ndi Mabinty masana, inkabisa chifuwa chake kwa miyezi. Anthu a pa fakitale ankamuzemba Yeabu maso. Ena ankabwera mmodzimmodzi kudzafunsa kuti madala abwera liti.

Koma madala sakanathanso kutsika phiri. Kuchoka pabedi kufika pakhomo ankapumira panjira. Mapazi anali atatupa, milomo itada. Za chipatala chachikulu ankakana kwamtuwagalu. Ankati anagonako kale miyezi, ndipo amene anagona nawo onse anatulukira khomo lakumbuyo. Za chipinda chouma zokha ndiye anavomera. Choncho Yeabu anapangana ndi Foday kuti Loweruka m'mawa amuna abwere ndi mpando womangirira pa mitengo iwiri, awanyamule. Anapangananso mwamseri kuti akangofika kumsewu, keke ilunjike kuchipatala kaye, afune asafune.

Lachisanu madzulo kusanade kunabwera Sallay, atanyoweratu, atanyamula kapoto ka msuzi wa nsomba wa tsabola. Yeabu anaima pakhomo, dzanja lili pa felemu.

"Achemwali..."

"Ukufuna chiyani?"

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Santigie m'katimo.

"Palibe."

"Palibe wonunkhira tsabola chonchi? Mulowetse."

Sallay anagwada m'mbali mwa bedi, n'kuyamba kulankhula, koma mawu anasanduka kulira. A Santigie anamusiya alire. Kenako anayamba kumufunsa, mawu awiri kupuma, mawu awiri kupuma.

"Mabinty akudya?"

"Pang'ono, bambo."

"Mankhwalawo amafiiritsa mkodzo. Usachite mantha, si magazi. Akayamba kuthamanga, kusewera, udzaganiza kuti wachira. Usadzasiye. Mpaka achipatala anene okha. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Anzanga amene anasiyira panjira, onse kulibe. Ine ndinamaliza. Taona mmene ndanenepera."

Sallay anaseka akulira. Yeabu sanathe kupirira. Anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba, mvula ikumuwomba, mpaka anamva mtsikanayo akutsika njira. Atalowa anapeza amuna ake atamwako msuzi pang'ono.

"Mwamukhululukira motchipa."

"Chakukhosi chimafuna mpweya, Yeabu. Ine ndilibe. Iwe uli nawo, sunga ngati ukufuna."

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Yeabu anawapukuta thupi ndi thaulo, anawameta m'masaya, n'kuwaveka mkanjo wawo woyera wa ku mzikiti, umene anaugoneka pansi pa thupi lake kuti uume ndi kutentha kwa iye mwini. A Santigie sanalankhule zambiri m'mawa umenewo. Anangofunsa ngati mpando wawo ukadali pamalo pake, Yeabu n'kuti ulipo. Kenako anapempha tiyi.

Yeabu anatuluka pakhonde kukakoleza mbaula. Machesi anali atafewa mitu. Ankangonyenyeka pa bokosi. Anayesa mpaka bokosi linatha, n'kuthamangira kwa anansi kukapala moto. Kumeneko nakonso makala ankangofuka, ndipo anadikira mayi wa nyumbayo akupemerera, akumufunsa za wodwala. Anabwerera ndi makala amoto pa chidutswa cha lata, atawaphimba ndi mbale kuopa mvula. Atafika pakhonde anamva kuti m'nyumba muli zii. Kwa kanthawi kochepa mtima wake unanamizika, unati agona bwino. Koma miyendo inadziwa, inakana kulowa. Anaika motowo pansi bwinobwino, kenako anakankha chitseko.

A Santigie anali atatsamira pilo mmene anawasiyira, manja ali pa mkanjo, nkhope itatembenukira kukhomo.

Amuna a ku fakitale anafika posakhalitsa, akuterereka, akunyozana, mpando uli m'mwamba. Foday ndiye anali patsogolo, akukuwa kuti madala akonzeke, basi yafika. Anaona amayi a m'mudzimo atadzaza pakhonde, ndipo mawu anamuthera m'kamwa. Onse anatsitsa mpandowo m'matope n'kuvula zipewa.

Maliro a Chisilamu sagona. Achikulire a ku mzikiti anabwera kudzasambitsa thupi n'kulikulunga m'nsalu yoyera, ndipo itangopitirira nthawi ya pemphero la masana amuna anawanyamula kutsika nawo phiri. Mvula inali itayambanso mwamphamvu. Amayi anatsala kunyumba monga mwa mwambo. Mayi Modupeh anakwera phirilo ndi ndodo, n'kukhala pa mkeka pambali pa Yeabu, atangomugwira bondo. Sallay anabwera osaitanidwa, analunjika kuseri, n'kuyamba kutunga madzi ndi kusonkha moto. Mwana wawo wa ku Makeni anaimba foni kuti galimoto yawo yatitimira panjira, afika mawa.

Yeabu sanalire mokuwa. Anakhala atatsamira lata, akumvetsera mvula. Ankawadziwa manda a kumunsi aja, m'mbali mwa dambo. Ankadziwa chimene chimachitika munthu akakumba dzenje kumeneko mu Ogasiti.

Amuna anabwerera dzuwa litapendeka, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Ankabwera mmodzimmodzi kudzagwada pakhomo, kunena mawu a chipepeso, n'kupita. Foday anabwera pomalizira. Buluku lake linali matope mpaka m'ntchafu, malaya atamatirira pathupi, zala zitachita makwinya ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. M'dzanja anali ndi chidebe chobwereka kwa anansi, ndipo ataona kuti Yeabu akumuyang'ana anachibisa kumbuyo.

"Foday."

"Mayi."

"M'mandamo munali madzi?"

Foday anayang'ana anzake amene anatsala pabwalo. Onse anawerama.

"Ayi, mayi. Tinapeza malo okwera. Dothi lake louma gwa, khasu limachita kulira."

Yeabu anayang'ana bulukulo, anayang'ana zalazo, anayang'ana chidebe chimene chinkaonekera kuseri kwa miyendo yake, matope akudontha m'mphepete mwake.

"Zikomo, mwananga," anatero. "Pita kuseri ukasambe. Sallay watenthetsa madzi."

Masiku a chisoni atatha, Yeabu anabwerera ku Wellington. Makope anali atapita kale m'masukulu, ndipo mvula inali itayamba kupereka mpata. Mayi Modupeh anamufunsa ngati angakonde kusamukira ku tebulo lomangira mitolo, iye n'kukana, nati ntchito imene amaidziwa ndi yomweyo. Mabinty anamaliza mankhwala ake, anachira. Yeabu ndi Sallay amalonjerana m'mawa uliwonse, amafunsana za ana, koma pamenepo m'pamene zimathera. Yeabu sanamufunsenso Foday za tsiku lija, ndipo ngakhale chilimwe chitafika, fumbi lili koboo m'misewu, sanapemphe munthu kuti akamuonetse pamene anagona amuna ake.